Nyama Yako Ili m'Viniga

Kiel,
Lolemba

Wokondedwa mchimwene wanga Engelbert,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupeza uli bwino pamodzi ndi mlamu wanga Gudrun. Kodi bondo lija linasiya kukuvuta? Ndangofunsa mwamwambo, chifukwa chithunzi chomwe Gudrun anatumiza pafoni ndinachiona. Munthu wodwala bondo sanganyamule chimbendera chachikulu chotero n'kuzungulira nacho mudzi wonse. Kuno ine ndili bwino, msana wokha ndiwo ukundikumbutsa zaka zanga. Bambo ali moyo, koma mawu akuti ali bwino sindiwalemba.

Ndasankha kulemba papepala chifukwa pafoni umandidula mawu. Ukaona kuti nkhani yafika polimba umapatsira Gudrun kuti andiuze za mvula ndi za maluwa ake. Tsono khala pansi uwerenge mpaka kumapeto, ndipo uwerenge wekha.

Kuno mphepo ya kunyanja yayamba kale kuluma makutu. Chikepe chokwerera m'mwamba cha m'nyumba yathu chinafanso, ndipo eni nyumba akungoti amisiri akubwera. Bambo sangatsike masitepe onse aja, choncho tsiku lonse amakhala pawindo kuyang'ana zombo. Nthawi zina amandiitana kuti ndidzaone momwe mtsinje wa kwathu wa Rhein wasefukira chaka chino. Ndinasiya kuwauza kuti imeneyo ndi nyanja. Kuntchito andilola kumapita m'mawa wokha, masana ndizikhala nawo.

Adokotala anawayeza mwezi watha ndipo sanakondwe. Lamba wa Bambo ndabooleranso bowo lina. Chakudya amangochiyang'ana, akadyako pang'ono n'kunena kuti akhuta. Mutu nawo ukumka nupita. Tsiku lina amanditcha Anneliese, dzina la malemu Amayi. Tsiku lina ndimakhala mayi wapano, wantchito amene wina anawalembera. Dzina limodzi lokha ndilo silinagwe m'mutu mwawo, ndi lako lija lapakhomo, Berti. Berti wadya? Berti watsekera nkhuku? Berti abwera liti? Ine amene ndimawasambitsa, kuwadula zikhadabo ndi kuwasinthira zofunda, ndiyenera kuyankha mafunso onsewo ndi nkhope yosekerera. Zimandiwawa, Engelbert, ndipo sindikubisa.

Ukukumbukira zomwe tinagwirizana titaika Amayi? Unati Bambo abwere kuno kwa kanthawi, iwe ukonze denga ndi masitepe. Denga linatha kalekale. M'chipinda mwawo ndamva kuti tsopano muli makina osokera a Gudrun. Iwe unatsala ndi nyumba, munda wa maapozi ndi mpando wa kutsogolo kutchalitchi. Ine ndinakwera sitima ndi Bambo, sutikesi yawo ndi mtsuko wadothi wa Amayi uja woviikira nyama. Sindinadandaule nthawi imeneyo, ndipo za nyumba sindikuzifuna ngakhale lero. Ndikukukumbutsa chabe kuti udziwe amene akukulemberayu.

Tsono ndikuuze zomwe zinachitika Lamlungu lomwe unati ubwera.

Utandiimbira kuti ukwera sitima, ndinakufunsa funso limodzi mobwereza: ndiviike nyama? Iwe ukudziwa tanthauzo la funso limenelo pakhomo pathu. Amayi sankaviika nyama ya Sauerbraten, yowawasa ya kwathu ija, mlendo asanapereke mawu ake, chifukwa nyama ikalowa m'viniga siyibwereranso m'mbuyo, ndipo tsiku lodyera limakhala ladulidwa kale. Ngakhale abambo mfumu ankafunsidwa kawiri. Unaseka, n'kunena kuti ndiviike, ndiikemonso mphesa zouma zambiri.

Ndinapita kubutchala kwa a Rathje kukagula nyama ya pantchafu. Nditawauza chomwe ndikufuna kuphika anayamba chipongwe chawo chija. Akuti kodi andipezere kavalo, poti anamva kuti ife a ku Rhein timadya akavalo athu akakalamba. Akuti nyama yabwino chonchi ndikaiwonongerenji ndi viniga, viniga ndi wa nsomba, ndipo anthu oika maswiti m'msuzi ngofunika kuwapempherera. Ndinawayankha kuti munthu amene amadya nsomba yaiwisi m'mawa alibe pakamwa pophunzitsira anzake kuphika. Anaseka mpaka kutsokomola, koma anandidulira nyama yabwino, yopanda mitsempha.

Madzulo ake ndinawiritsa viniga pamodzi ndi vinyo wofiira, anyezi, kaloti, tsabola wakuda wosapera, masamba onunkhira ndi tizipatso takuda tija Amayi ankatiphwanya ndi chigwiriro cha mpeni. Fungo litadzaza nyumba ndinamva ndodo ikugogoda pansi. Bambo anali ataima pakhomo la khitchini, mphuno m'mwamba. Anandiuza kuti ndisayerekeze kuthira madziwo panyama akadali otentha, ndiwadikire azizire, apo ayi nyama ichita khungu ndipo viniga salowa. Analankhula momveka, mawu onse ali m'malo mwake. Kenako anafunsa kuti akubwera ndani. Ndinati Berti.

Kuyambira pamenepo anakhala munthu wina. Ntchito yotembenuza nyama inali yawo kuyambira kale, ukudziwa, ndipo anaitenganso osandipempha. Kuno kulibe chipinda chozizira chapansi ngati kwathu, ndiye ndinachotsa mashelefu m'firiji kuti mtsuko ulowe. M'mawa uliwonse ankanditulutsitsa mtsukowo, n'kukwinya malaya, n'kutembenuza nyama ndi zipande ziwiri zamtengo. Nditawapatsa foloko anandikalipira kuti nyama siibooledwa, kodi Amayi ako sanakuphunzitse? Munthu amene sadziwa kuti tili m'chaka chanji ankadziwa kuti lero ndi Lachitatu, mawa Lachinayi, pongoyang'ana mtundu wa nyama. Anayamba kudzimeta okha ndevu. Anadya buledi wawo wam'mawa mpaka kutha. Ndinafika poganiza kuti adokotala aja anakokomeza.

Loweruka masana uthenga wa Gudrun unalowa. Akuti wonyamula mbendera wa kalabu yanu ya owombera chandamale wadwala, ndipo chikondwerero sichingayende popanda iwe. Akuti pepani kwambiri, mudzabwera ulendo wina. Kumapeto anaikako kankhope komwetulira. Iwe sunathe ngakhale kuimba wekha. Ndinawerenga uthengawo nditaima pasinki, Bambo ali kumbuyo kwanga akupukuta nsapato zawo zakutchalitchi.

Sindinawauze. Ndinati mwina pofika m'mawa aiwala, monga amaiwalira mankhwala, magalasi ndi dzina langa. Sanaiwale. Lamlungu anadzuka ine ndisanadzuke, n'kundifunsa malaya oyera.

Ndinaphika, nanga ndikanatani? Ndinavuula nyama, kuipukuta ndi nsalu mpaka kuuma, n'kuikazinga m'poto wachitsulo mbali zonse mpaka itada bwino. Madzi oviikira aja ndinawasefa n'kumathira pang'onopang'ono, moto uli wochepa, m'mawa wonse. Bambo anakhala pampando pafupi ndi chitofu ngati kapitawo. Nthawi ya msuzi itakwana ananyenyanyenya okha mabisiketi olimba a uchi aja a ku Aachen, omwe ndinachita kuwasaka m'tauni monse muno. Anathira manyuchi, analawa, anati wawawasa kwambiri, anathiranso. Mphesa zouma anazithira ndi dzanja lodzaza, n'kuwonjezera lina, akuti Berti amazikonda. Kunena zoona, msuzi wokoma chotero sindinaulawepo chimwalirire Amayi, ndipo zimenezo zinangondiwonjezera mkwiyo.

Anayala okha patebulo mbale zitatu za maluwa abuluu zija. Kenako anavala jekete n'kukakhala pawindo. Ine ndinaumba timipira ta mbatatesi, ndinatenthetsa kabichi wofiira, ndikuyeserera mumtima momwe ndiwauzire.

Ndili choncho kunamveka kugogoda. Anali a Carstens, a khomo loyang'anana ndi lathu. Sunawaonepo, poti kuno sunafikeko. Ndi bambo wamasiye, ankagwira ntchito padoko, ndipo chifere chikepe ndi iwo amandinyamulira katundu wolemera pamasitepe. Tsiku limenelo anabweretsa kireti ya madzi akumwa. Ndinayang'ana nyama yonse ija, ndinayang'ana mbale yachitatu, n'kuwauza kuti alowe adye nafe. Sindinali ndi maganizo ena alionse.

Atangolowa, Bambo anaimirira osagwira ndodo. Anapita kukawakumbatira, nkhope yawo ili pachifuwa cha munthu wa eni. Anati, "Berti, wachedwa iwe, nyama ikanaphwanyika. Ndipo wanenepatu, Gudrun akukudyetsa chiyani?" A Carstens anandiyang'ana. Ine ndinayang'ana pansi. Patapita kanthawi ndinawamva akuti, "Ndafika, Bambo. Sitima inachedwa." Unene zomwe ungafune za bodza limenelo, koma sunaone nkhope ya Bambo.

Bambo anadula nyama okha, manja osanjenjemera. Kachidutswa kakumapeto kaja, kokazingika bwino, anakaika m'mbale ya a Carstens. Kameneko kanali kako nthawi zonse. Ine ndakula mpaka imvi osakalawa, ndipo tsiku limenelonso ndinangokaona kakudutsa. Bambo anadya timipira tiwiri ndi nyama yambiri ndithu. Anafunsa za maapozi, za galu amene anafa kalekale, ndi ngati manda a Amayi akuthiriridwa. A Carstens ankangoti zonse zili bwino, Bambo, zonse zili m'malo. Kenako Bambo anawagwira dzanja n'kuwathokoza chifukwa choyenda ulendo wautali. Anandiloza ndi mpeni n'kuwanong'oneza, koma mokweza monga amachitira anthu ogontha, kuti mayi uyu ngwaukhondo, amaphika bwino, usamuchotse ntchito. Ndinanyamuka kukatenga msuzi wina ngakhale m'mbale munali modzaza.

Nditabwerera ndinapeza Bambo asiya kutafuna. Maso awo anali pambale ya a Carstens. Iwo ndi munthu wa kuno kumpoto, zipatso m'nyama sazidziwa. Mwaulemu wawo sananene kanthu, ankangokankhira mphesa zouma m'mphepete mwa mbale ndi nsonga ya mpeni, imodzi imodzi, mpaka zinapanga kamzere. Ine sindinaziganizire n'komwe. Koma ukukumbukira momwe unkachitira tili ana? Unkatha zako, kenako foloko yako inkalowa m'mbale mwanga ndikangoyang'ana kumbali, Bambo n'kukumenya padzanja ndi supuni uku akuseka. Lamlungu lililonse la nyama imeneyi ndewu yake inali yomweyo.

Bambo anayang'ana kamzere kaja nthawi yaitali. Kenako anaika foloko pansi, anawongola msana, n'kufunsa ndi ulemu wonse umene amapatsa alendo, "Pepani bambo, kodi inu ndinu ndani?" A Carstens anafiira nkhope mpaka m'makutu, anatchula dzina lawo n'kunena kuti ndi a khomo linalo. Bambo anagwedeza mutu. Anatembenukira kwa ine, ndipo kwa nthawi yoyamba chiyambire chaka chino ananditchula dzina langa. Anati, "Mechthild, Berti sanabwere eti?" Ndinati sanabwere, Bambo. Ndakhala ndikulakalaka kumva dzina langa pakamwa pawo, koma sindinkafuna kulimva motero.

Sanalire, sanakalipe. Anapinda kansalu kopukutira pakamwa, anathokoza mlendo chifukwa chodya nafe, anapempha ndodo yawo n'kupita kuchipinda. Nyama inatsala m'mbale. Jekete ndinachita kuwavula ine madzulo, atakhala pabedi.

A Carstens anakana kuchoka asanandithandize kutsuka mbale. Ankangopepesa, akuti akanadziwa akanameza mphesazo zonse, ngakhale zikanakhala miyala. Ndinawauza kuti wolakwa si iwo. Munthu wa eni anayesetsa kukhala mwana wa Bambo kwa ola lathunthu, ndipo chinamulaka ndi mphesa zokha. Pochoka ndinawapakulira nyama ina, msuzi ndinachita kuusefa.

Yotsala ndinaidya ndekha sabata yonse, mpaka fungo la viniga linayamba kundinyansa. Bambo abwerera pomwe anali, mwinanso kupitirira. Ndevu asiya kumeta. Buledi amaluma kamodzi. Koma m'mawa uliwonse amabwerabe kukhitchini, amavundukula mtsuko wotsukidwa uja, amasuzumira, n'kuvundikiranso. Safunsa kanthu. Kufunsa kwawo kunkanditopetsa, koma chete ameneyu akundidwalitsa.

Chithunzi chako ndinachiyang'anitsitsa, Engelbert. Unatchena ndithu, jekete yobiriwira, magolovesi oyera, nthenga pachipewa. Pamudzi ponse panalibedi mwamuna wina wa manja awiri woti n'kugwira mtengo wa mbendera? Ndikudziwa zomwe unene. Unena kuti Bambo sazindikiranso anthu, ndiye ulendo wa tsiku lonse pasitima ngwachiyani. Unanenapo zimenezi, ndipo ine ndinatsala pang'ono kukhulupirira. Tsopano ndaona ndi maso anga. Nkhope yako mwina yawasokonekera, koma iweyo akukudziwa. Akudziwa momwe umadyera. Adokotala sakutha kundiuza kuti zimenezi zikhalapo mpaka liti, ndipo sindikuganiza kuti n'zokafika chaka chamawa.

Usanditumizire phukusi. La Khirisimasi lija la soseji ndi masokosi tinalandira, zikomo, koma Bambo sangakumbatire sokosi. Usatumizenso maluwa, kapena kundiuza kuti ndine mkazi wolimba mtima. Ndatopa nako kulimba mtima. Pempho langa ndi limodzi: bwera Lamlungu likubwerali, udzakhale pampando wako, udzadye ndi bambo ako. Gudrun akafuna abwere, akapanda kufuna atsale, ine ndilibe naye mlandu. Pogona palipo, ndidzakusiyira bedi langa.

Lero m'mawa ndaphwanya lamulo la Amayi. Ndapitanso kwa a Rathje, ndawiritsa viniga, ndipo nyama ndaviika iwe usanapereke mawu. Bambo anamva fungo n'kubwera ndi ndodo yawo ngati ulendo uja. Anafunsa kuti akubwera ndani. Sindinafune kunamanso, ndiye ndinati ndikulembera Berti kalata yomufunsa. Anandiyang'ana mokwiya n'kunena kuti ndachita zinthu chambuyo, munthu amayamba wafunsa kenako n'kuviika. Koma anakwinya malaya, n'kundiuza kuti ndiwapatse zipande.

Amati chibale n'fupa, sichiola. Kaya, mwina n'zoona. Koma nyama siingakhale m'viniga mpaka kalekale, iwenso unakulira m'nyumba yomweyo ndipo ukudziwa kuti ikapitirira nthawi imangosanduka ulusi wowawasa. Lamlungu ndiivuula, ubwere usabwere. Ukapanda kubwera sindidzaitana a Carstens, ndipo sindidzakupekera chifukwa. Ndidzakuimbira tili patebulo, n'kuika foni m'manja mwa Bambo, uwauze wekha za mbendera. Mphesa zouma ndagula paketi yaikulu.

Undiperekere moni kwa mlamu wanga Gudrun, umuuze kuti uthenga wake unafika ndi kankhope kake komwe. Moni kwa mwana wathu Heike ndi mwamuna wake, ndamva kuti ali ndi pakati, Mulungu amusunge. Moni kwa azakhali a Ottilie ngati akumvabe, ndi kwa msuweni wathu Alfons amene amathirira manda a Amayi. Ndinafunsa Bambo ngati ali ndi moni woti ndikulembere. Akuti ndisalembe, adzakupatsa okha Lamlungu.

Ndine mlongo wako,
Mechthild